Masamba pa Mlatho wa Nsungwi

Serina anatsika basi pamene msewu umathera, n'kuyamba kukwera phiri wapansi, mtima uli m'malere. Bwenzi lake Rujin anali atalonjeza kuti akangodya Gawai, chikondwerero cha zokolola, abwerera kumzinda wa Kuching. Sabata inatha, foni yake ili zii.

Chinsinsi cha Rujin ankachidziwa ndi Serina yekha. Kwawo ankaganiza kuti mnyamatayo amagulitsa matayala m'tauni, chonsecho m'mawa uliwonse ankagona pansi pa makina owotcha khansa imene inamera kuseri kwa mphuno yake. Dokotala anawachenjeza onse awiri kuti khansa imeneyi ukayamba kuiwotcha sumaipatsa mpata. Ukadumphitsa masiku, yotsalayo imaphuka mwaliwiro kuposa kale.

Pa mlatho wa nsungwi wolowera m'mudzi, Serina anaima. Panali patapingasa mtengo womangidwa masamba. Mudzi unali wotseka: mzimu wa mpunga unali utaitanidwa kunkhokwe, ndipo munthu wolowa kapena wotuluka akanauthawitsa. Anakuwa dzina la Rujin mpaka mawu kusasa. Kenako anamuona akutsika, atawonda, thaulo lili m'khosi.

"Wanditsatira ngati mbuzi yothawa?" anatero Rujin ali tsidya lina, akuyesa kuseka.

"Mbuzi ili ndi nzeru, imabwerera yokha. Tiye, basi sidikira."

"Masambawo sukuwaona? Ndimayesa mwambo utha msanga, koma mkulu wina walota zoipa, awonjezera masiku. Akutsogolera mwambowu ndi amayi anga, Serina. Ndikadumpha apa, mpunga ukadzakanika adzaloza iwowo."

"Nanga ukafa adzaloza ndani?"

"Ndikupezako bwino. Ndayambanso kumeza, dzulo ndadya nyama."

"Si zomwe adokotala ananena? Ukasiya umamva kupepuka, iyo ili pa ntchito."

Pamenepo anatulukira mayi Sinjan, amayi ake a Rujin, mikanda ya mwambo ili m'khosi.

"Ndani akusokosa nthawi yosala ino?"

Rujin anapukusa mutu momuchonderera Serina. Mtsikanayo anali atalumbira kuti sadzaulula, ndipo ankadziwa kuti akaulula mwina Rujin sadzamuyang'ananso. Komabe anayankhula.

"Amayi, mumuchotse thaulolo."

Mayi Sinjan anakoka thaulo. Khosi la mwana wawo linali lakuda, lofundukafunduka ngati khungwa lopsa ndi moto. Serina anafotokoza zonse, misozi ikutsika, madzi a mtsinje akumeza mawu ena.

"Ndiye matayala aja?" mayiwo anafunsa motsitsa.

"Kulibe matayala, amayi," anayankha Rujin.

Anthu anali atayamba kusuzumira pamakonde. Mayi Sinjan anayang'ana kunkhokwe nthawi yaitali. Kenako anawoloka mlatho, n'kumasula masambawo ndi manja awo.

"Wamasula ndi ine, onse aona. Pita." Anatembenukira kwa Serina. "Iwe sindikukudziwa n'dzina lomwe, koma umugwire mkono, nsungwizi zimaterera."

Njira yonse Rujin sanalankhule naye.

M'mawa mwake kuchipatala anamugoneka pamakina, n'kumuveka chigoba cha pulasitiki chimene chimagwira mutu kuti cheza cha makinawo chisaphonye khansayo. Posakhalitsa namwino anatuluka nacho m'manja.

"Chikugwedera. Anayamba kale kuwonda, pano nkhope yatheratu. Tiumbe china, timujambulenso, ndiye tiyambirenso."

"Lero lomwe?" anafunsa Serina.

"Lero ayi, mchemwali. Pali mzere."

"Nanga masiku atayikawa, mungawabweze?"

Namwino anayang'ana chigobacho. "Ena."

Rujin anatuluka n'kukhala pabenchi, kumapeto kwenikweni. Anapisa chala kuseri kwa khutu, n'kuchisiya pamenepo.

"Serina," anatero osamuyang'ana, "tabwera ugwire apa. Undiuze ngati chotupachi chinalipo kale."