Lamba wa Pansanamira

Esnath anamva mpeni ukulira pamwala kuseri kwa nyumba. Wonolayo anali mlamu wake Goliati, mng'ono wa malemu mwamuna wake Fyson, amene anafika kuchokera ku Joni maliro ataikidwa kale. Paja wochedwa pamanda amafuna adziwike pa nyama. Anali atalamula kuti mawa, tsiku lometa, ng'ombe imodzi igwe.

M'khola munali ng'ombe ziwiri zokha, zapangolo, zomwe zinkakoka mbatatesi kupita ku Tsangano. Ikafa imodzi ndiye kuti ngolo yafanso, ndipo ana agona ndi njala. Esnath anachita mantha kwambiri, koma mkazi wolowoledwa alibe pakamwa pa za khola.

Anadzilimbitsa mtima n'kupita kukagwada chapatali.

"Alamu, bwanji tikanapha mbuzi?"

"Achimwene anga sanali munthu wa mbuzi," anayankha Goliati osamuyang'ana. "Mpeniwu watsala pang'ono. Achimwene ankaumalizira pati kunola?"

Esnath analoza lamba wachikopa wokhomeredwa pansanamira ya khonde, wakuda bii ndi ntchito. Goliati anamukoka mpaka anati nga, n'kuyamba kupititsa mpeni uku ndi uku, msana wa mpeniwo uli patsogolo. Kulira kwa chikopacho kunali kofewa, koma Esnath ankakumva ngati pakhosi pake.

Mwadzidzidzi dzanja linaima. Goliati ankayang'ana chitsulo chomangira lambayo, chopindika mbali imodzi.

"Lambayu anamutenga kuti?"

"Ndi wa apongozi, bambo anu. Achimwene anu anamukhomera apa tsiku limene Thokozile wathu anabadwa. Ankati wadya anthu mokwanira, tsopano azidya chitsulo."

Goliati anafunsanso:

"Chipsera chija achimwene anali nacho pamwamba pa diso, anakuuzani za icho?"

"Ankati anagwa mumtengo."

"Sanagwe. Lambayu ankabwera kwa ine. Iwo anaima pakati."

Anatembenuka, mpeni uli m'manja, n'kulunjika pomwe Esnath anagwada. Anapukuta mpeniwo pathalauza, anaugwira kunsonga, n'kumupatsa chigwiriro.

"Uzani ana amange mbuzi ija."

Esnath anaulandira ndi manja awiri. Pokhota pangodya ya nyumba anacheuka, ndipo anaona mlamu wake atatola mwala, akukhomerera msomali wa lamba uja, umene unali utayamba kugwedera.