Kathabwa ka Khonsolo

Maukonde asanu aja anafika ku khonsolo Lolemba m'mawa ali pa lole, akudonthabe madzi, ndipo pofika masana chipinda chosungiramo katundu chinali chikununkha ngati doko. Anawatsitsira pakati pa mipando yothyoka ndi zikwangwani zakale za pamsewu. Woyendera za usodzi, bambo wamtali wokonda kulankhula akuyang'ana wotchi, anapereka pepala kwa mayi wosunga katundu.

"Muwalembe manambala. Lachisanu komiti ikangomaliza msonkhano, tikawawotcha kuseriko."

"Alakwa chiyani?"

"Maso ake ndi aang'ono."

"Chifukwa chiyani?"

Woyendera anangopumira m'mwamba n'kutuluka. Funso limeneli ndi lomwe linawapatsa dzina mayiwa. Pa khonsolo ponse, kuyambira mlonda mpaka wapampando, ankangowatchula kuti a Chifukwa, ndipo munthu wofuna bolopeni imodzi yokha ankayamba wakonza kaye mayankho asanagogode pakhomo pawo. Eniake sankadandaula nalo dzinalo. Ankati safunsa anadya phula.

Lamulo lake ankalidziwa, poti linali lomata pachitseko chawo chomwe. Khonsolo inali ndi choyezera chachitsulo, chosongoka ngati lilime. Chikalowa m'diso la ukonde, ukondewo uli bwino, tiana tansomba titha kupulumukirapo. Chikakana, ukonde uwotchedwe, ndipo amene anausoka alandidwe chilolezo. Ukonde umodzi wa boti lalikulu umadyetsa mabanja oposa khumi, choncho pansi pamenepo panali patagona chakudya cha anthu ambiri, chikudikira machesi.

Ntchito yawo inali yongomangirira timapepala, koma manja a munthu wachidwi sakhala pamodzi. Anatsegula katoni yomwe inali pansi pa shelefu, momwe munali zoyezera zachitsulo zambirimbiri zokulungidwa m'mapepala a mafuta, n'kutengamo chimodzi. Anakoka ngodya ya ukonde woyamba n'kulowetsa. Chinalowa bwinobwino. Anayesa pena, chinalowanso. Anayesa kakhumi konse, osakana ngakhale kamodzi, mpaka anayamba kuganiza kuti woyendera uja analanda maukondewo ali ndi njala.

Kenako anafika pachigamba, pomwe ukonde unang'ambikapo n'kusokedwa ndi manja. Chitsulo chinakana.

Apa ndiye anavula nsapato, n'kukhala pansi. Tsiku lonselo anthu ofuna mapepala ndi tsache anabwerera pakhomo. Maukonde onse asanu anali chimodzimodzi: pomwe panalukidwa kufakitale panalibe vuto, zigamba zokha ndiye zinkalephera. Chodabwitsa kwambiri chinali chakuti zigambazo sizinkalephera mofanana. Pazakale, za ulusi wofwifwa, chitsulo chinkalowa akachikankha pang'ono. Pa zazaka zapakati chinkaima pakhomo. Pazatsopano, za ulusi wowala, sichinkayerekeza n'komwe.

"Wakuba wanji woba pang'onopang'ono chonchi?" anadzifunsa mokweza.

Komanso munthu wofuna kuzembera lamulo amaika maso aang'ono kuthumba, komwe nsomba zimasonkhana. Saika pakabowo kalikonse komwe mwala unang'amba. Anayandikitsa chigamba chimodzi pawindo kuti aone mfundo zake. Mfundo zonse zinapendekera kumanzere, zolimba ngati njere. Anazidziwa. Mfundo zoterezi ndi zomwe zinkagwira lamba wa chikwama chawo cha kusukulu zaka zonse zomwe anakulira m'nyumba ya amalume awo, mayi awo atamwalira. Padoko lonse munthu wosoka ndi dzanja lamanzere anali mmodzi yekha, amalume awowo.

Lachiwiri sanauze munthu. Anagwira njakata, chakudya chomwe anabwera nacho n'kubwerera nacho kunyumba osachikhudza. Woyendera sankadziwa kuti zigambazo ndi za munthu mmodzi, ndipo eni mabotiwo, powalemekeza akuluwo, sanatchule dzina. Kukhala chete kunali kophweka. Koma funso likamera m'mutu mwa a Chifukwa linkakhala ngati kamwala m'nsapato, ndipo Lachitatu nthawi ya nkhomaliro anakwera basi kupita kudoko, chitsulo chija chili m'chikwama.

Shedi ya amalume inali kuseri kwa fakitale ya ayezi, denga la malata, mbali ziwiri zopanda khoma. Pamtengo wapakati panapachikidwa chilolezo cha khonsolo, chili m'galasi lopukutidwa bwino kuposa nkhope ya mwini wake. Akuluwa ankadziwika kuti ukawabweretsera ukonde wa maso aang'ono ankakupirikitsa ndi mawu mpaka pamsewu. A Chifukwa anawapeza atakola ukonde kuchala chachikulu cha phazi, akusoka.

"Khonsolo yabwera yokha lero," anatero osadzutsa mutu. "Mwabwera kudzalanda chiyani, bwana?"

"Ndangodzakuonani, malume."

"Iwe subwera kudzaona munthu popanda funso. Khala apo. Ndamva za maukonde aja. Anyamata amenewa ndinawauza, koma akachoka pano amakawonjezera zawo kumbali. Apse basi, aphunzire."

A Chifukwa anakhala pa ndowa yovundikira n'kumaonerera manja aja. Anali atawaona kambirimbiri ali mwana, koma anali asanawayang'anitsitsepo. Dzanja lamanzere linkayendetsa singano ya ulusi. Lamanja linagwira kathabwa kakang'ono kakuda, kosalala. Ulusi unkazungulira kathabwako, mfundo n'kumangidwa, chala chachikulu n'kukanikiza, kathabwa n'kusololedwa. Diso lililonse linkabadwa pa msinkhu wa kathabwako.

"Malume, kameneko munakatenga kuti?"

"Si kwanu komweko? Chaka chomwe lamulo linayamba, khonsolo inatiitana tonse osoka, n'kutipatsa aliyense kake. Ona chidindo ichi. Anzanga anataya, ena anasonkhera moto. Ine zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sindinasokepo diso ngakhale limodzi popanda aka."

Anakapereka monyadira. Kumapeto kwake kunalidi chidindo cha khonsolo chowotchera, chooneka bwino. Koma pakati pake, pomwe ulusi unkadutsa ndi chala kukanikiza, panali poterera ndi popyapyala ngati sopo wa sabata yachiwiri. A Chifukwa anatulutsa chitsulo chija n'kuzigundanitsa. Kumapeto zinali zofanana ndendende. Pakati, kathabwa kanaperewera, mwina ngati kukhuthala kwa chikhadabo kawiri.

Amalume anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamasula ukonde kuchala, n'kutenga chitsulocho okha. Anayesa chigamba chomwe anali kusoka, chinakana. Anapita pakona pomwe panali chidutswa cha ukonde wakale chomwe ankatchingira nkhuku, chosokedwa zaka zoyambirira, chinalowa. Anabwerera n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ulusi umadya mtengo," anatero, ngati akuuzidwa nkhani ya kudziko lina. "Ulusi wofewa ngati umenewu."

"Tsiku lililonse pang'ono, malume. Simukanaona."

"Ndipo ine ndakhala ndikutukwana ana a eni."

A Chifukwa anawamvera chisoni mpaka anadana ndi chidwi chawo chomwe. "Palibe akudziwa. Nditha kubweza chitsulochi m'katoni, nkhani n'kuthera pompa. Mukatchulidwa, chilolezo chija chipita."

Akuluwo anayang'ana galasi lija pamtengo, kenako fakitale ya ayezi, komwe anthu a m'maboti olandidwa maukonde anakhala pamthunzi tsiku lachitatu osagwira ntchito.

"Unakulira m'nyumba mwanga iwe?"

"Eya."

"Ndiye usandifunse zopusa. Msonkhanowo ndi nthawi yanji?"

Lachisanu chipinda cha komiti chinadzaza. Makhansala asanu ndi mmodzi anakhala kutebulo lalitali, aliyense ndi botolo lake la madzi, feni ikuzungulira mwaulesi pamwamba. Eni maboti anakhala kumbuyo, zipewa m'manja. Kuseri kwa windo mlonda anali atayamba kale kuunjika nkhuni. Nkhani ya maukonde inali yachisanu ndi chiwiri, pambuyo pa ya zimbudzi za kumsika, ndipo aliyense ankafuna ithe msanga. Woyendera atawerenga lipoti lake, a Chifukwa anakweza dzanja.

"Wosunga katundu salankhula mu komiti," anatero mlembi.

"Musiyeni," anatero wapampando, mayi wonenepa wa magalasi. "Tikamukaniza pano atipeza pakhonde mmodzimmodzi, tifika kunyumba mawa."

Anthu anaseka. A Chifukwa anayala chidutswa cha ukonde patebulo, n'kuonetsa chigamba chakale, chapakati ndi chatsopano. Kenako amalume anaimirira, atavala jekete la kutchalitchi, n'kunena okha kuti zigamba zonsezo ndi zawo. Anaika kathabwa kaja pafupi ndi chitsulo.

Makhansala anaiwala njala. Kathabwa kanayenda dzanja ndi dzanja. Wina anakayang'anira kuwindo atatsinzina diso limodzi, wina anakanunkhiza, pazifukwa zodziwa yekha. Ngakhale woyendera anasiya wotchi yake n'kuyesa kawiri.

"Chidindochi ndi chathu," anatero wapampando. "A mlembi, khonsolo inagawa mitengo n'kuiwala kuti mtengo umatha?"

Mlembi anatuluka, n'kubwera ndi faelo yafumbi. Anati ayi, sinaiwale. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo komiti inagamula kuti timatabwa tonse tisinthidwe ndi zoyezera zachitsulo. Zinagulidwa makumi anayi. Kalata yoti zigawidwe ndiyo sinasainidwe, chifukwa komiti imeneyo inatha mwezi womwewo.

"Ndiye zili kuti?"

A Chifukwa anaweramitsa mutu. Zaka zisanu ndi zitatu anakhala akusesa mozungulira katoni ija, akuiwerenga chaka ndi chaka n'kulemba kuti zonse zilipo. Munthu wofunsa chifukwa cha bolopeni, sanafunsepo chifukwa chomwe khonsolo ya woyendera mmodzi inasungira zoyezera makumi anayi.

"Zili kwa ine," anatero motsitsa mawu. "Pansi pa shelefu."

Palibe anaseka. Anakambirana ola lathunthu. Pa za maukonde anagwirizana msanga: asawotchedwe, abwezedwe kwa eni ake, zigamba zonse zidulidwe n'kusokedwanso pasanathe masabata awiri, ndipo zoyezera zigawidwe Lolemba. Kumbuyo kuja kunamveka kupuma kwa anthu asanu. Pa za chilolezo ndiye panavuta. Woyendera ananena, mosakondwa, kuti lamulo silinasiye khomo la munthu wolakwa mosadziwa, ndipo akalitsegula lero, mawa wosoka aliyense adzabwera ndi kathabwa kopala ndi mpeni. Wapampando anavula magalasi n'kutikita maso. Pomaliza anagamula kuti chilolezo chisalandidwe, koma chiimitsidwe miyezi itatu.

Miyezi itatu, pomwe zigamba zinkafunika m'masabata awiri. Aliyense m'chipindamo anadziwa tanthauzo lake. Maukonde asanuwo apita kwa wosoka wina wa kutsidya kwa msewu, ndipo ukonde ukazolowera shedi ina subwerera.

Panja, eni maboti anakweza maukonde awo pa lole. Anawapatsa moni akuluwo mwaulemu, mmodzi mpaka anawagwira dzanja ndi manja awiri, koma maso onse anali kumbali. Lole inanyamuka. Mlonda anayamba kubweza nkhuni zake, akung'ung'udza kuti amuvutitsa pachabe.

A Chifukwa anatsika masitepe ndi amalume awo. Ankafuna kupepesa za katoni ija. Pa sitepe yomaliza akuluwo anaima.

"Iwe, maukonde aja unawayang'ana onse asanu?"

"Onse, malume. Diso ndi diso."

"Unapezapo mfundo yomasuka?"

"Ngakhale imodzi."

"Zigamba za zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi."

"Ngakhale imodzi, malume."

Anagwedeza mutu, n'kukonza kolala ya jekete. "M'buku mwawomo alemba kuti ndinasoka maso aang'ono. Ndi zoona, alembe. Koma zimenezi sunawauze."

Sananene mokwiya, ndipo n'chifukwa chake zinawapweteka kwambiri a Chifukwa. Anawasiya akuluwo ataima pomwepo, n'kukweranso masitepe. Mlembi anali akutseka buku la msonkhano, makiyi ali kale m'manja.

"Tatsegulaninso," anatero a Chifukwa. "Pali mzere umodzi watsala."

"Msonkhano watha, mayi. Chifukwa chiyani?"

"Tsegulani, ndikuuzani. Mwini wake akudikira panja."