Mgolo wa Marwei

Munthu aziopa chimene chimalowa m'thupi mosawawa, pakuti choterocho ndicho chimafika patali.

Marwei, mkazi wa Zvidzai wa ku Zaka, anali katswiri pofulula mowa wamawere. Mayi ake ankafululira m'mbiya zadothi, koma iye anasankha mgolo wachitsulo umene mwamuna wake anabwera nawo kuchokera kumigodi, popeza mgolo umodzi unkakwanira anthu onse obwera ku dima. Mowawo unkatuluka woderako, ndipo amuna ankati kuderako ndiko mphamvu yake. Chipanda choyamba ndi chotsiriza chinkakhala cha Zvidzai.

Mwamunayo atayamba kufooka, mimba n'kutupa, khungu n'kusanduka ngati phulusa lonyowa, mudzi wonse unagamula kuti magazi amuchepera. Marwei anagula mapiritsi ofiira owonjezera magazi, ndipo sankalola kuti wodwalayo adumphitse tsiku.

Kuchipatala anaperekezedwa ndi Ndakaziva, mng'ono wake wa Zvidzai. Dokotala atatha kuyeza, anatembenukira kwa Marwei.

"Mayi, mowa wanu mumafululira muti?"

"Mumgolo."

"Mowa ukamasasa umadya chitsulo cha mgolowo. Thupi limafuna chitsulo chochepa chabe chopangira magazi, ndipo chikachuluka lilibe potayira. Chaunjikana m'chiwindi mwa bambowa. Mapiritsi mumawapatsa aja nawonso ndi chitsulo."

Marwei anamva mawuwo ngati akuchokera kutsidya kwa mtsinje. Anangoyang'ana manja ake.

"Asiye mowa," anapitiriza dokotalayo, "ndipo azibwera tiziwachotsako magazi pang'onopang'ono. Chitsulocho chimatulukira momwemo. Nthawi ikadalipo, koma ndi yochepa."

Ndakaziva anaseka mpaka kudziwomba pantchafu. "Achimwene, mwamva? Akuti mwasanduka khasu! Tizikubwerekani polima. Inu adokotala, munthu akulephera ndi kukwera ngolo komwe, inu mukuti mumukame ngati ng'ombe?"

"Amake Rudo, ndipatseni chipewa changa," anatero Zvidzai kwa mkazi wake. "Magazi a bambo anga sindingawasiye m'botolo la mlendo."

Apa ndipo panafunika kuti Marwei alankhule. Koma kulankhula kukanakhala kuvomera pamaso pa mlamu wake kuti mgolo unali wake, mapiritsinso anagula ndi iye. Anapereka chipewacho. Manyazi aika m'manda anthu ambiri kuposa njala, koma palibe amawazenga mlandu.

Atafika kumudzi anataya mapiritsi aja m'chimbudzi, naleka kufulula. Sizinathandize. Ndakaziva ankabwera ndi chipanda chochokera kwa anansi, amenenso ankafululira m'migolo, nati wodwala asamakhale wosungulumwa. Zvidzai anamwalira mawere asanache. Pamaliro akazi anzake analira mokwanira. Marwei anakhala tsonga pamphasa, maso ali gwa, akudikira misozi imene sinabwere.

Chitatha chaka, inakwana nthawi yobwezera mzimu wa malemu pakhomo, mwambo umene suchitika popanda mowa.

"Mlamu, achimwene sangabwerere pakhomo pouma," anatero Ndakaziva. "Tsukani mgolo uja. Kapena mwaiwala ntchito?"

Marwei anaukoka kuchokera kuseri kwa nkhokwe, naupendeketsa kuloza kudzuwa. Kuwala kunalowera pansi pake ngati pasefa. Chitsulo chimene chinali chochindikala pamene mgolowo unkabwera chinali chitapyapyala ngati tsamba louma. Sanafunse kumene chinapita. Anali atakuona yekha, tsiku limene anachikwirira m'manda pamodzi ndi mwamuna wake.

"Watha uwu," anatero.

"Musadandaule, mlamu, ndapeza wina watsopano. Wonyezimira ngati galimoto ya bwana."

Marwei anamuyang'anitsitsa. Mlamu wakeyo anali atayamba kumanga lamba pansi pa mimba, ndipo pamphumi pake panali mtundu uja wa phulusa.

"Nkhope yanu yayamba kufanana ndi ya akulu anu."

"Ndi dzuwa ili, mlamu. Mwasanduka dokotala liti?"

Marwei anatenga dengu, napita kukaviika mawere a mowawo.