Nyumba Yobwera pa Ngolo

Ine ndine Linily, kwathu ndi ku Dowa, koma ndinakwatiwa kuno ku Embangweni, kwa a Ngulube. Amuna anga a Nason anapita ku Joni zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo zaka zonsezo pakamwa panga sipanaume ndi kunyoza Malawi. Ndikakhala pamzere kumjigo ndinkati, "Anzathu ku Joni madzi amangotsegula m'nyumba." Feteleza akakwera mtengo ndinkati, "Dziko lanji limeneli?" Wotsutsa ndinkamuonetsa foni: a Nason ataima pakapinga wobiriwira, kumbuyo kwawo nyumba yosanja, dziwe losambiramo ndi galu wonenepa kuposa mbuzi zanga.

Kunena zoona, kuno anatimangira nyumba ya njerwa zootcha, ya zipinda zinayi. Anatumizanso filiji, ngakhale m'nyumbamo mulibe magetsi, moti ndimasungiramo mbale. Koma ndikati nane ndibwereko, yankho linali limodzi: "Dikirani pang'ono, mama." Kudikirako kunandikwana, ndinayamba kuganiza kuti kuli mkazi wina amene akusambira m'dziwe langa.

Ndiye ndinaganiza zogulitsa dimba lathu la kudambo, lomwe siliuma ngakhale mu Okutobala, kuti ndipeze pasipoti ndi ndalama yoyendera. Dimbalo a Nason anasiyiridwa ndi malemu bambo awo. Nditawauza pafoni anati, "Ndapota, mama, dimba lokha lekani." Ine ndinangodula foni. Wogula anali a Evance, mphunzitsi wa pasekondale, ndipo tinapangana kuti abwere Loweruka m'mawa tidzamalize.

Lachisanu masana kunafika galimoto ya a Bestone ikukoka ngolo. A Bestone ndi mmodzi wa anthu onyamula katundu wa anthu akwathu kuchokera ku Joni. Kagwiridwe kawo ka ntchito n'kosavuta: chilichonse chimene chili pabwalo pawo kumeneko, bola chalembedwa dzina ndi mudzi, chimakwera ngolo.

Anatsitsa shuga ndi mabulangeti awiri, ine ndikumwetulira. Kenako dalaivala anayamba kutsitsa malata adzimbiri, opindikapindika, khumi ndi limodzi, timatabwa takuda ndi kachitseko kopanda loko. Lata lililonse linalembedwa ndi penti yofiira: NASON NGULUBE, EMBANGWENI.

Mtima unandiwira. "Zaka zonsezi munthu n'kunditumizira zinyalala? Akuona ngati kuno ndi kudzala?"

A Bestone, amene ankamwa madzi pakhonde, atatembenuka n'kuona malatawo, kapu inagwa. Anagwira m'mutu ndi manja onse awiri.

"Mayo ine! Alamu, apa talakwa chomene. Izi sizimayenera kubwera kuno."

"Nanga ndi za ndani? Dzina si ilo?"

"Ndi za Nason ndithu," anatero akuyang'ana pansi. "Iyi ndi nyumba yake."

Ndinaseka mpaka kuwomba m'manja. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa nyumba yosanja ija.

"Uko ndi kwa abwana ake, amatchetcha kapinga," anatero a Bestone. "Iye amakhala kumikhukhu, tinyumba ta malata. Sabata yatha anawathamangitsa pamalopo, mbwenu anaphwasula yake n'kudzasungitsa pabwalo panga mpaka apeze pena poimika. Dzinalo analemba kuopa akuba. Opakira katundu ataona dzina ndi mudzi, mbwenu anakweza."

"Bodza," ndinatero, koma mawu anatuluka ochepa.

A Bestone sanalimbane nane. Anaitana dalaivala, nayamba kuimika malata aja pafupi ndi khola la mbuzi. Mabowo a misomali ankangokumana okha, lata ili ndi thabwa ilo, kusonyeza kuti nyumbayo inamangidwapo n'kuphwasulidwa kangapo. Theka la ola lisanathe inali itaima. Ndinayang'ana iyo, ndinayang'ana khola. Khola linali lalikulu.

Ndinalowa chowerama, ndipo a Nason ndi aatali kuposa ine. Zenera munalibe. Mabowo a padenga anamatidwa ndi sopo, malata onse akuda ndi utsi wa parafini. Nditatambasula manja, zala zinakhudza makoma onse awiri.

"Madzi amatunga kuti?" ndinafunsa ndili m'katimo.

"Mpopi umodzi, anthu osawerengeka. Mzere wake kuposa wa kumjigo kwanu."

"Nanga magetsi aja? Misewu ija?"

"Zilipo, alamu, zokongola chomene. Chakudya m'masitolo n'chodzaza, ndalama yawo ili ndi mphamvu, ndicho chifukwa chake mukugona m'nyumba yanjerwa. Koma mu Juni kumazizira moti madzi amauma m'ndowa, ndipo munthu wopanda mapepala akadwala amaopa kupita kuchipatala. Inu mukadwala mumangoyenda wapansi kupita kuchipatala cha mishoni."

"Ndiye panopa akugona kuti?"

A Bestone anapukusa mutu. "Sindikudziwa."

Apo m'pamene maso anga anazolowera mdima, ndipo ndinaona kanthu pa lata la pakona, m'munsi, pamene pangakhale mutu wa munthu wogona. Chinali chithunzi chokutidwa ndi pepala la buledi, chomatidwa ndi selotepu. Pachithunzipo panali ine, nditaima m'dimba lija pakati pa kabichi, khasu lili paphewa. Ndinawatumizira chaka chachiwiri atachoka, ndipo ine mwini ndinali nditachiiwala.

Ndinakhala pansi padothi n'kulira, ndipo manyazi anandigwira kuposa chisoni. Zaka zonsezi ine ndinkasirira kapinga wa eni ake, pamene amuna anga ankagona akuyang'ana dimba limene mawa lake ndimati ndigulitse.

Ndinawaimbira ndili momwemo. Anayankha ndi mawu awo ansangala a masiku onse.

"Mama! Muli makora? Kuno zonse zili bwino chomene, ndangokhala pakhonde ndikupumula."

"A Nason," ndinatero, "ndikukuimbirani ndili m'nyumba mwanu."

"Ee, ndikudziwa, ya zipinda zinayi."

"Ayi. Ya malata khumi ndi limodzi. A Bestone abwera nayo."

Pafonipo ndinkangomva magalimoto akudutsa pafupi kwambiri, ngati munthu wakhala m'mphepete mwa msewu. Ndinadikira kuti akane, kapena akalipe, kapena afunse zoti nyumbayo ibwerere liti. Atayankhula, mawu awo anali a munthu wotopa.

"Dimba mwagulitsa?"

"Ayi. A Evance ndiwabweza mawa."

"Yewo," anatero, ndipo ndinamva akupuma mwamphamvu. "Yewo chomene. Ndiye kuti kwathu kukadalipo."