Jekete la Atate Linanunkhira

Ndinene zoona, botololo linali langa. Anandipatsa Cosmas, mnyamata wa m'kwaya yathu amene amachapa zovala pa loji ina ku Nkwali. Mlendo wina anamusiyira perefyumu wotsala, iye nkuthira theka m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, nkundipatsa kuseri kwa chigayo. Sanandiyang'ane m'maso, inenso ayi. Tonse ndife amanyazi, ndiye tinkangoyang'ana botolo.

"Ndi wa amuna kapena wa akazi?" ndinamufunsa.

"Wa onse," anatero. "Poyamba umva ndimu ndi lalanje. Pakapita nthawi, maluwa. Pomaliza pamatsala kafungo kofunda, akuti masiki. Kameneko sikachoka msanga."

Kwathu ku Kakumbi kulibe pobisa chinthu. Chimalizireni giredi thwelofu ndimangokhala pakhomo, ndipo amayi amadziwa ngakhale za pansi pa mphasa yanga. Akanamva za Cosmas, kwaya ndikanaiwala. Ndiye ndinabisa botolo m'thumba la jekete la atate, limene limangokhala pamsomali chifukwa kuno kutentha.

Lachinayi atate anati akupita kumsonkhano wa za njovu zimene zinadya chimanga chathu, avala jekete. Ndinathamanga nkuchotsa botolo, koma chivindikiro chinali chitadontha, thumba lonse chinyezi. Atate sanamve kanthu. Mphuno yawo inafa kalekale ndi utsi wa tsabola wopirikitsira njovu.

Atabwera, amayi analandira jekete, nkuima chilili.

"Atate ake Winnie, njovu za masiku ano zikudzola?"

"Zikudzola chiyani?"

"Musandifunse ine. Funsani amene anakutsamirani."

"Amake Winnie, ine ndinakhala pakati pa a Morgan ndi mtengo wa mango!"

"Ndiye mtengowo uli ndi malipiro abwino."

Ndinali pomwepo ndikusankha mpunga. Ndinangoti mwina likachapidwa zitha.

Amayi analichapa kawiri. Ndimu anachoka, maluwa anachoka, koma masiki aja anakakamira ngati mlendo amene wamva kuti mwapha nkhuku. Atate anayamba kugona pakhonde. Amayi analengeza kuti Lamulungu akamupeza mwini fungo ndi mphuno yawo, ndipo akamupeza aitana ankhoswe.

Lamulungu, mapemphero atatha cha m'ma thwelofu, amayi anaima pakhomo la tchalitchi ngati ndi iwo abusa. Amayi amene nthawi zonse amapereka moni wa patali, tsiku limenelo ankakumbatira mkazi aliyense. Anayamba ndi olandira malipiro.

"A Mwiche, anesi athu! Mwaswera bwanji?" Mphuno pakhosi. Sopo wa kuchipatala basi.

"Aphunzitsi, a Lillian, mwasowatu!" Anawagwira nthawi yaitali mpaka aphunzitsiwo anafunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Anakumbatira ngakhale a Felister, a zaka zopitirira sevente, amene anati, "Iwe, ukufuna kundithyola nthiti?"

Ine ndinali kumbuyo, kuseka kukundigwira, mantha akundigwiranso. Atate anaima pansi pa mtengo, manja kumbuyo, ngati munthu wodikira chigamulo.

Akazi anatha. Amayi anali atatopa, akutembenuka kuti tizipita, pamene anyamata a kwaya anatuluka atanyamula ng'oma. Cosmas anadutsa pafupi nkuwerama mwaulemu.

"Muli bwanji, amayi?"

Amayi anatembenuka msanga. Mphuno inatsogola, thupi nkutsatira. Anamugwira kolala ya malaya, nkununkhiza kamodzi, kawiri. Kenako anayang'ana atate, nkuyang'ana Cosmas, nkuyang'ananso atate.

"Amake Winnie," atate anakuwa ali pamtengo paja, "ngati ndi ameneyo, itanani ankhoswe ndithu, nanenso ndimve!"

"Mwana iwe," amayi anatero, "fungo la akazi ukulitani?"

"Si la akazi okha, amayi. Ndi la onse."

"Nanga linalowa bwanji m'jekete la amuna anga?"

Cosmas sananditchule. Anangoyang'ana ng'oma yake, thukuta likutsika, anthu akuyamba kutizungulira. Akanandinena, mwina ndikanakana. Koma kukhala chete kwakeko kunandilemera.

"Ndine," ndinatero.

"Kweza mawu!"

"Ndine, amayi. Anandigawira. Ndinabisa m'thumba, ndiye anadontha."

A Felister anaseka mpaka kukhala pansi. Amayi anasiya kolala ya Cosmas, nkuikonza bwinobwino ndi manja awo omwe, ngati sanali iwo amene anaikwinya.

Atate anabwera pang'onopang'ono.

"Mnyamata, dzina?"

"Cosmas, atate."

"Cosmas, ine ndadyedwa ndi udzudzu masiku atatu chifukwa cha mphatso yako. Mwana wanga sapatsidwa zinthu kuseri. Loweruka ubwere pakhomo, masana, ndi amalume ako, udzatiuze kuti ndiwe wa ndani."

"Ndipo iwe," amayi anandiloza, "kwaya uziyimba, koma popita ndi pobwera uli ndi ine."

Tinauyamba wobwerera kunyumba, nkufika pa mjigo. Pamenepo amayi, osatembenuka, anafunsa:

"Watsala wochuluka bwanji?"

"Pang'ono, amayi."

"Ukandipatse. Ndikusungira."

"Ayi," anatero atate. "Mwamumva mnyamata uja. Akuti ndi wa onse."