Chitseko changa chasiya kulira

Maloto a dzana andisowetsa mtendere gogo ine. Ndinalota ndili mu holo yaikulu, yozizira ngati m'firiji, pamsonkhano uja anapitako mdzukulu wanga Tadala, wokambirana za kudyeka kwa zitsulo ndi mafuta ozitetezera. Amuna ovala masuti ankakhula chitsulo pa chinzake, atatchera khutu ngati madokotala. Fungo la girisi linkandikanda kukhosi. Pansi ponse panali oilo, ine kumangoterereka osagwa.

Kenako analowa anthu atanyamula chitseko cha nyumba yanga. Wadazi wina atachikankha chinalira kwiii, holo yonse n'kugwira m'makutu.

"Mayi, mahinjesi awa akudyana," anatero. "Tiwathire oilo."

"Musayerekeze, bambo. Kulira kumeneko ndiye mlonda wanga. Wolowa ndimamumva, wotuluka ndimamumva."

Iwo anangowomba m'manja. Ndinati ndikuwe, koma m'kamwa munali mutadzaza girisi. Wogwira botolo anali Tadala, osandiyang'ana n'komwe.

Kutacha ndinakatsegula chitsekocho. Chinatseguka mwakachetechete ngati mphaka akudutsa. Nditagwira hinjesi, chala chinabwerako chonona.

"Iwe Tadala, wagwira chitseko changa ndani?"

"Ndine, agogo. Zitsulo zinayamba kutha, chikanadzakugwerani."

Mwina akunena zoona. Koma zaka zonsezi chakhala chikulira osagwera munthu, ndiye lero chasowetsa mtendere ndani? Akufuna azituluka ndisakumva ndani? Kaya malotowo anabwera kudzandichenjeza, kaya anachedwa panjira, sindikudziwa. Pakadali pano ndamangirira chitini cha timiyala pachogwirira, ndipo mphasa yanga ndayala pakhomo pomwepo.