Chala Chimene Samueli Sanadinde

Eveles sanali mayi wokonda za m'makhoti, ayi. Ntchito yake inali yogula utaka ndi usipa pagombe, kuyanika, n'kukagulitsa ku Lilongwe. Koma kuyambira chaka chimene apolisi awiri anathyola zala za mwamuna wake, mayiyu anayenda m'maofesi mpaka zidendene kuchita ming'alu.

Nkhani yake inali iyi. Ku Chipoka kunasowa injini ya boti, ndipo wina anangotchula dzina la Samueli. Apolisi anamutenga mmawa akusoka ukonde nakamutsekera masiku anayi. Mmenemo anamumenya kumapazi ndi chibonga, namupana zala pachitseko kuti avomere. Injiniyo itapezeka kwa munthu wina, anangomutsekulira opanda ndi pepani yemwe. Zala zitatu za kudzanja lamanja sizinawongokenso. Mwamuna amene ankakoka ukonde wa chilimila anzake n'kumamuchemerera, tsopano akapita ku chilumba cha Mbenji ankangoyanika nsomba za anzake pathandala.

"Ine sindifuna zambiri, mayi a Mphatso," ankatero Samueli. "Ndingofuna aja awiri akhale pamaso pa woweruza, ine ndinene zimene anandichita iwo akumva."

Ndiye kunatulukira loya wa ku Lilongwe, a Malizani. Anabwera okha osaitanidwa, galimoto ili waliwali. Anajambula zala za Samueli, anatenga kalata ya kuchipatala, mawa lake analankhula pa wailesi mpaka mawu kunjenjemera. "Mlandu uwu ndi wangawanga, bambo," anatero. Eveles anawanyamulira chambo zinayi zowamba bwino. Abale inu, anthu odziwa kulankhula n'ngoopsa!

Chaka chinatha kuli zii. Chachiwirinso chinayamba. Eveles akapita ndi nsomba ku Lilongwe ankadutsira kuofesi kuja, koma mlembi wawo, mayi wina dzina lake Sharon, ankangoti abwana ali kukhoti, abwana ali ku Blantyre, abwana angotuluka kumene. Tsiku lina anakumana nawo maso ndi maso pamasitepe.

"Mayi, inu anthu akunyanja mumayesa mlandu ndi kugula usipa eti?" anatero a Malizani, mpango uli pamphuno. "Mwamuna wanuyo sanafe. Anthu amamenyedwa tsiku ndi tsiku muno m'dziko."

Mawu amenewo anamuwawa Eveles kuposa mbama. Anatsika masitepewo n'kulunjika kukhoti yekha, akufunsa njira. Kalaliki wa kumeneko anafufuza failo, ndipo ataipeza anamuyang'ana modabwa. Akuti mlanduwo unatsekedwa kale, mwini wake anausiya. Anamuonetsa pepala la Chingerezi, pansi pake pali dzina la Samueli ndi chidindo cha chala. Tsiku lake linali 12 June.

Eveles anabwerera pamsika. Kumeneko anamupeza kasitomala wake wa utaka, Mayi Tiyanjane, amene nawonso anali loya. Ataona nkhope yake anamufunsa chavuta.

"Musandifunse, mayi. Inunso ndinu a mtundu womwewo."

Mayi Tiyanjane sanakwiye. Anakhala pachidebe chovundikira, nawerenga pepala lija kawiri. Kenako anamuuza chinthu chimene Eveles sanachimvepo chibadwire: akuti maloya nawonso ali ndi komiti yowaweruza akalakwira anthu amene akuwaimirira, ndipo munthu wamba atha kukadandaula.

"Loya amasumiridwa?" Eveles anagwira pakamwa.

"Amasumiridwa, ndipo amalandidwa chiphaso. Koma pakufunika mwiniwake akanene yekha kuti chala ichi si chake."

Apo ndiye panagona vuto. Samueli atabwera kuchokera ku Mbenji mu December, nyengo yophera nsomba itatsekedwa, anamva nkhaniyo n'kukana kupitako. Mwamunayu chichokereni m'chitokosi muja ankaopa chipinda chilichonse chokhala ndi tebulo ndi chitseko chotseka.

"Tingozisiya, mayi a Mphatso. Apolisi anandithyola zala. Nanga loya andithyola chiyani?"

"Mukazisiya ndiye kuti chala chija munadindadi," anatero Eveles. "Ndiye kuti aja awiri simudzawaonanso mpaka kufa."

Samueli anatuluka kukakhala pansi pa mango. Atabwerera anangofunsa ngati malaya ake oyera aja akadamukwana.

Komitiyo inakhala mu February. Chipinda chake chinali ndi tebulo lalitali, anthu asanu atandandalika, pakati pawo bambo wachikulire wa magalasi amene anali wapampando. A Malizani anakhala kumanja, atapingasa miyendo. Kumanzere kunali Samueli, Eveles ndi Mayi Tiyanjane. Samueli thukuta linali kamukamu ngakhale fani inkazungulira, koma atafunsidwa analankhula momveka.

"Pepala ilo sindilidziwa, bwana. Pa 12 June ndinali ku Mbenji. Ndinawoloka mu April, ndinabwerako mu December. Ku Lilongwe kuno sindinapondeko."

A Malizani anamwetulira ngati munthu amene amayembekezera zomwezo. Anaimirira, nakonza tayi, nayamba Chingerezi chosalala, womasulira akutsatira pambuyo pawo. Akuti iwo sakukana kuti bamboyu anali ku Mbenji. Akuti n'chifukwa chake, poganizira umphawi wake, sanamuvutitse kuti abwere kutauni. Anatuma mlembi wawo, Mayi Sharon, kuti akwere boti apite pachilumbapo. Kumeneko Mayi Sharon anamupeza pathandala, anamuwerengera pepalalo, iye n'kudinda mwakufuna kwake.

Womasulira asanamalize n'komwe, Eveles anaphulika kuseka. Osati kuseka kwa ulemu kobisa m'chitenje, ayi, kuseka kwa pamsika kwenikweni, mpaka kuwomba m'ntchafu. Samueli anamukodola, koma kunali kuchedwa.

"Mayi, muno si m'bwalo la masewero," anatero wapampando, akumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Pepani, bwana, pepani ndithu. Koma ndimve bwino. Akuti amene anapita ku Mbenji ndi mayi? Munthu wamkazi?"

"Atero."

"Bwana, ku Mbenji mkazi safikako."

Anthu asanu aja anayang'anana. Mayi Tiyanjane nawonso anatembenuka, poti iwo anakulira mu Lilongwe momwemo ndipo izi sankazidziwa. Wapampando analola Eveles kuti afotokoze.

Eveles anaimirira, namanga bwino chitenje. Anati pachilumbapo pali malamulo a makolo amene asodzi amasunga mpaka lero. Mowa sufikako, juga kulibe, ndipo mkazi sapondako phazi. Boti lisananyamuke pagombe, akuluakulu a asodzi amaona amene wakwera ndi zimene wanyamula. Amayi onse ogula nsomba amadikirira kumtunda.

"Izo ndi zikhulupiriro zakumudzi," anadula a Malizani, ulendo uno m'Chichewa. "Masiku ano ndani amalabadira zimenezo?"

Ha! Pamenepo ndiye anaputa mavu. Eveles anawatembenukira.

"Ndani amalabadira? Ine! Chaka chija bambo awa anadwala malungo pachilumbapo, ine ndinakhala pamchenga masiku awiri mankhwala ali m'manja, ndikuona chilumba ndi maso anga. Ndinalira, ndinachonderera, koma mankhwalawo anapita ndi mwamuna wa mnzanga. Ine mkazi wawo wa ukwati wa kutchalitchi, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, sindinapondeko. Ndiye mlembi wanu wa nsapato zagogoda anadutsira pati? Anauluka?"

Mmodzi wa a komiti aja anatsokomola kubisa chiseko. Wapampando sanaseke. Analamula kuti Sharon, amene ankadikira panja, alowe.

Sharon analowa atafumbatira kachikwama. Atalumbira, wapampando anamufunsa mofatsa kuti anakwerera boti pagombe liti, ndipo anayenda nthawi yaitali bwanji pamadzi. Mayiyu anayang'ana abwana ake. Abwanawo anali kalikiliki kusanthula mapepala. Kenako maso ake anagwera padzanja la Samueli, limene linali patebulo, zala zitatu zili chopindika. Anakhala akuliyang'ana mpaka wapampando anabwereza funso.

"Sindinapiteko, bwana," anatero ndi mawu otsika. "Boti sindinakwerepo chibadwire."

"Nanga chala chili papepalachi n'cha yani?"

"N'cha mlonda wa paofesi pathu. Abwana analephera kupita kukhoti katatu, ndiye woweruza anafuna kudziwa chifukwa. Abwanawo anati tikalemba kuti mwini wake wausiya, nkhani ithera pomwepo, poti anthu akunyanja satsatira za mapepala." Misozi inayamba kutsika. "Amayi awa ndakhala ndikuwanamiza chaka chathunthu. Nthawi zina abwana amakhala ali mkati momwemo."

Eveles anabwera ndi mkwiyo wokwanira anthu awiri, koma atamuona Sharon akulira, theka la mkwiyowo linaphwa. Anadziwa kuti mayiyu ntchito yamuthera pomwepo, ndipo anamumvera chisoni. A Malizani okha ndiwo sanawamvere chisoni ngakhale pang'ono. Bamboyo anayesa kunena kuti mlembiyo wasokonezeka, koma Chingerezi chija chinali chitayamba kukodwakodwa.

Komitiyo sinathamange. Inalembera akuluakulu a asodzi a ku Mbenji, ndipo iwo anayankha kuti n'zoona, mkazi sanafikepo pachilumbapo, ndiponso Samueli sanachokepo nyengo yonseyo. A komitiwo anaitananso mlonda uja, nayerekeza chala chake ndi cha papepala. Patatha milungu isanu ndi umodzi, Mayi Tiyanjane anaimba foni Eveles ali pagombe akuyanika usipa. A Malizani awaimitsa ntchito ya uloya, ndipo awalamula kupereka failo yonse. Kalata ya kuchipatala ija inapezeka m'katoni pansi pa nyuzipepala zakale, ili bwinobwino. Khoti lavomera kutsekulanso mlandu.

Eveles analuluta mpaka amayi anzake kusiya madengu n'kuthamangira. Atamva nkhaniyo, wina anati mlamu wake nayenso loya anamusowetsa mapepala a mlandu wa ngozi. Wina anatchula msuweni wake. Eveles anawauza kumene kuli komitiyo ndi zoyenera kunyamula, akulankhula ngati munthu amene anabadwira m'maofesi.

Mlandu unalowa mu June. Samueli anawoloka kuchokera ku Mbenji kutatsala masiku atatu, kuopa kuti mwera ungamutsekereze. Mmawa wa tsikulo sanathe kumwa ndi tiyi yemwe. Atalowa m'khoti anawaona aja awiri atakhala pabenchi lakutsogolo. Wina anali atanenepa, winayo imvi zitayamba, koma anali omwewo. Eveles anamva mwamuna wake akupuma mothamanga, ndipo anachita mantha kuti mwina atembenuka n'kutuluka.

Kalaliki anaitana dzina lake. Samueli anayenda pang'onopang'ono mpaka m'bokosi la mboni, nalumbira. Mayi Tiyanjane, amene tsopano anali loya wake, anaimirira n'kumupempha kuti afotokozere khoti zimene zinamuchitikira. Apolisi awiri aja anaweramitsa mitu, wina akuseweretsa chipewa, wina akuyang'ana nsapato zake.

Samueli anatsekula pakamwa, natsekanso. Kenako anatembenukira kwa woweruza.

"Bwana, ndisanayambe, auzeni andiyang'ane."

Woweruza anaika cholembera pansi nayang'ana pabenchi paja. Mitu iwiri ija inadzuka, ndipo Samueli anayamba kufotokoza.